Mnyamata uja sanapambane ndi nthabwala ayi

Kavidiyo ka Leonard Cooper kamangobwerabwera pa Facebook ndi pa YouTube ngakhale kuti zinachitika kale, mu February 2013. Kakangotulukira, ndemanga zimagawika pawiri. Ena amati mwanayo ndi katakwe, anawerengera zonse mpaka kuyamba kuseweretsa akuluakulu. Ena amati ndi mwayi chabe komanso mwano. Ine ndikuti onse awiriwa akuyang'ana polakwika.

Kwa amene simunakaonepo, nkhani yake ndi iyi. Ku America kuli pulogalamu ya mafunso pa TV yotchedwa Jeopardy!, imene anayambitsa Merv Griffin mu 1964. Kuyambira 1984 mpaka pamene anamwalira mu November 2020, woyendetsa wake anali Alex Trebek. Mu 1987 anayambitsamo mpikisano wapadera wa achinyamata a zaka 13 mpaka 17. Ankatenga ana 15, n'kupikisana kwa masabata awiri mpaka atatsala atatu, ndipo atatuwo ankalimbana masiku awiri. Pa funso lomaliza la tsiku lililonse, aliyense ankabetcha kuchokera pa ndalama zimene wapeza tsikulo: ukakhoza n'kukuwonjezera, ukalakwa n'kukuchotsera. Zimene wapeza tsiku loyamba ankaziphatikiza ndi za tsiku lachiwiri. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Funso lomaliza la tsiku lachiwiri linali lokhudza akuluakulu a asilikali: ndani amene pa 6 June 1944 anauza asilikali ake kuti maso a dziko lonse ali pa iwo? Yankho ndi Dwight Eisenhower, amene ankatsogolera magulu ankhondo olowa ku Normandy, m'dziko la France, pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Leonard, mnyamata wa ku Little Rock ku Arkansas, sanalembe dzinalo. Analemba kuti ndi munthu winawake wa ku Normandy, n'kuwonjezera kuti koma iye wangopata kumene madola 75,000, mphoto ya wopambana. Trebek, munthu amene ankadziwa kudzigwira, analephera kubisa phwete. Atayang'ana zimene mnyamatayo anabetcha, anapeza ziro. Mphoto inapitadi kwa Leonard.

N'zoseketsa, sindikukana. Koma tiyeni tiwerengere limodzi.

Tsiku loyamba Leonard anathera pansi penipeni ndi madola 3,000. Mwa anzake awiri opikisana nawo, Barrett Block anali ndi 17,600, Nilai Sarda 19,000. Tsiku lachiwiri, pofika pa funso lomaliza, Leonard anali ndi 37,000, kutanthauza 40,000 zonse pamodzi. Nilai anali ndi 14,400 ya tsikulo. Akanabetcha zonse n'kukhoza, ikanakhala 28,800, kuphatikiza 19,000 ija n'kukwana 47,800. Ndiye kuti pamene Leonard ankalemba nthabwala yake, mphotoyo inali isanakhale yake. Ngakhale ndi zimene Nilai anabetchadi, akanangolemba Eisenhower akanamudutsa. Sanalembe, n'chifukwa chake lero tikuseka m'malo momvera chisoni mwana amene anadzilengeza yekha kuti wapambana dziko lonse likuona kenako n'kugwa chagada.

Chimene chimandizunguza mutu ndi ichi. Tinene kuti Leonard anawerengera molondola. Kuti atseke njira ya Nilai anayenera kubetcha 7,801. Popeza yankho silinabwere, ndalamazo zikanachotsedwa, n'kutsala ndi 32,199. Barrett, amene anakhoza funsolo n'kufika pa 35,600, ndiye akanatenga chikho. Masamu olondola akanamugwetsa, masamu opotoka anamupulumutsa. Ndiye amene mumati anawerengera zonse, pepani, manambala akukukanani.

Nanga amene amati ndi mwayi basi? Nawonso ayi.

Pa bolodi ya masewerawa pamakhala mitu 6, uliwonse ndi mafunso asanu. Gawo loyamba mafunso amayambira pa madola 200 mpaka 1,000, lachiwiri pa 400 mpaka 2,000. Ukalakwa amakuchotsera ndalama za funsolo. Koma pali timabokosi tobisika totchedwa Daily Double, kamodzi m'gawo loyamba, tiwiri m'lachiwiri. Ukagwera pamenepo umayankha wekha, ndipo umanena wekha ndalama zimene ukuikapo usanaone funso. Leonard anagwera pa kotere masewera akupita kumapeto, ali ndi madola 18,000 ndi kakusintha pang'ono pamwamba. Anaikapo 18,000. Mwana wa sekondale, magetsi akumuwalira kumaso, makolo ali pa mipando kumbuyoko, n'kunena nambala imeneyo pakamwa posanjenjemera. Anakhoza.

Apa ndi pamene anapambanira. Ankadziwa kuti wayamba tsikulo ali kumbuyo ndi 16,000, ndipo kutola timadola ta funso limodzilimodzi sikukanamufikitsa. Wodziwa bawo amawerenga nkhomo asanazinyamule, ndipo akaona kuti akasewera mofatsa adyedwabe, amasewera kolimba. Ambiri pamalo amenewo amabetcha zochepa kuti asachite manyazi, n'kumaliza wachitatu mwaulemu. Iye anasankha njira imene ikanamusiya ndi timadola towerengeka pamaso pa anthu mamiliyoni. Kumeneko si kupenga, n'kuona bwino pamene waima.

Mwayi unalipo, inde, ndipo waukulu kuposa umene anthu amatchula. Leonard sankayenera n'komwe kupezeka mu fainolo. Anagonja mu semifainolo yake. Chinamubweza ndi tsoka la anzake: mu semifainolo ina ana onse atatu anabetcha zonse zimene anali nazo pa funso lomaliza. Funsolo linali la mzinda umene uli ndi makoma olekanitsa madera a Akatolika ndi a Apulotesitanti. Onse atatu analemba Dublin. Yankho linali Belfast, ku Northern Ireland. Onse anatsala ndi ziro, panalibe wopambana, ndipo mpando wawo unapita kwa amene anapeza zambiri mwa ogonja, yemwe anali Leonard. Eni pulogalamu pambuyo pake anasintha lamulo kuti zoterezi zisadzachitikenso.

Ana atatu amenewa ndimawaganizira kuposa mmene ndimaganizira Leonard. Mmodzi yekha akanasunga dola imodzi, imodzi yokha, akanalowa mu fainolo. Anthu amawaseka kuti anali adyera. Koma taganizani: umabetcha utangoona mutu wa funso, funsolo usanalione, ndipo sudziwa zimene anzako alemba. Amene ali patsogolo amaopa kuti womutsatira akhoza n'kumudutsa, womutsatirayo naye akuopa chimodzimodzi. Kulimba mtima kumene tikukuombera m'manja kwa Leonard n'komwekonso kunagwetsa atatuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anaika zonse pamene panalibe njira ina, iwo anaika zonse pamene njira inalipo, makamaka amene anali wachitatu, yemwe akanangokhala phee n'kudikira kuti awiri apamwamba apunthwe.

Pali china chimene sichioneka pa TV. Mafunso ambiri, ana onse atatu amakhala akudziwa yankho. Chimawalekanitsa ndi chala. Aliyense amagwira kabatani m'manja, koma saloledwa kudina woyendetsa asanamalize kuwerenga. Akamaliza, m'mbali mwa bolodi mumayaka timagetsi timene oonera kunyumba sationa. Ukadina tisanayake, makina amakutsekera kwa kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana ndi theka la sekondi, koma kokwanira kuti mnzako alowe. Mukadzaonanso, yang'anani manja awo. Muona mwana akudinadina kabataniko mokwiya, milomo ikutchula yankho chamumtima, mwayi utapita kwa wina. Ndiye pobwera funso lomaliza, masekondi 30 okha, kanyimbo kaja kakulira, cholembera chili m'manja.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi makolo amene amatenga kavidiyo ngati aka n'kukankhira mwana wawo kumaso kuti "taona anzako anzeru". Mpikisanowu suyeza amene ali ndi nzeru kuposa onse. Barrett ankamudziwa Eisenhower, Leonard sanamulembe, koma wopambana anali Leonard. Ndipo ine sindikuona kuti pamenepo panachitika zokondera. Malamulo ankadziwika kwa onse kuyambira pachiyambi: kudziwa zinthu, kufulumira chala, ndi kudziwa nthawi yoika zambiri. Amene wakwanitsa kuphatikiza zitatuzi pa tsikulo ndiye mwini chikho, ngakhale atakhala kuti mayeso olemba akanakhala wachitatu.

Ndikudziwa kuti wina alemba m'munsimu kuti uku n'kuphunzitsa ana njuga. Ndikumvetsa, makamaka masiku ano pamene kubetcha mpira kwalowa m'mafoni a anyamata athu. Koma apa palibe mwana amene amachotsa ndalama m'thumba mwake kapena mwa makolo ake. Manambala a pa bolodi ali ngati mapointi, ndipo ngakhale atatu a ziro aja sanabwerere chimanjamanja, analandira gawo la amene afika mu semifainolo. Komanso chimene ukubetcherapo ndi mutu wako womwe, osati mwendo wa munthu wina amene akusewera ku England osadziwa n'komwe kuti uliko. Mwana amene wafunsidwa kuti "pa mutu uwu, umadzidalira bwanji?" n'kuyankha ndi nambala, akuphunzira kudziyeza yekha. Akuluakulu ambiri sitimatha zimenezo.

Za mwano, ayi ndithu. Sanatukwane munthu, sananyoze anzake. Anachita zimene mwana wa msinkhu wake amachita akasangalala: kulankhula msanga. Akuluakulu akamapikisana mu pulogalamu yomweyi amabwera ataloweza kabetchedwe koyenera, nkhope zili gwa. Ana amabwera ndi mantha awo oonekera, kuseka kwawo, ndi zolakwa zawo za masamu. Kwa ine n'chimene chinkakometsa mpikisano wawo kuposa wa akuluakulu.

Mpikisano womaliza wa achinyamata unachitika mu 2019. Anapambana ndi Avi Gupta wa ku Portland, mphoto itakwera kufika pa madola 100,000, ndipo anapatulapo zoposa 10,000 n'kupereka ku kafukufuku wa khansa ya kapamba, matenda amene Trebek ankadwala pa nthawiyo. Mu 2023 anaitananso ena mwa amene anapikisana mu 2018 ndi 2019, koma anabwera atakula, ambiri ali kale ku koleji. Zinali bwino, koma si zomwezo. Ine ndikufuna abwezeretse wa ana enieni, a zaka 14 ndi 15, amene angathe kubetcha zonse pa Dublin.

Tsono ndikufunseni inu amene mumati mukanachita bwino: muli ndi 37,000 ya lero ndi 3,000 ya dzulo, mnzanu angathe kufika pa 47,800, winayo pa 35,600, ndipo mwangouzidwa kuti funso likhudza akuluakulu a asilikali. Mukubetcha zingati? Lembani nambala, osati nkhambakamwa.