Mfuti M'chiuno, Tikiti M'manja: Kusiyana kwa America, Canada ndi Mexico Pageti la Shoo

Munthu wa ku Detroit, ku America, akafuna kukaonera oimba ku Windsor, ku Canada, amangowoloka mtsinje, ulendo wa mphindi zochepa. Wa ku San Diego nayenso mzinda wa Tijuana, ku Mexico, uli pakhomo pomwepo. Koma kwa munthu woyenda ndi mfuti yobisa m'chiuno, maulendo aafupi amenewa ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa chiphaso chake chimathera pamzere wa malire. Ngakhale asanatuluke m'dziko lake, chikwangwani choletsa zida chimene chili pageti la holo chili ndi mphamvu yosiyana malinga ndi chigawo chimene waimamo.

Pagona nkhani ndi apa: ku America woletsa nthawi zambiri amakhala mwini malo, ndipo lamulo limangonena kuti chiletso chakecho chilemere bwanji. Ku Canada ndi ku Mexico nkhani imakhala itatha kale munthu asanachoke pakhomo pake.

Tiyambe ndi America, kumene kuli chipwirikiti chenicheni. Mu June 2022 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Bruen, linagamula kuti kunyamula mfuti kunja kwa nyumba pofuna kudziteteza ndi ufulu wa nzika, koma linasiya mpata woti boma liziletsa mfuti m'malo ena ovuta. Pofika mu 2024, zigawo 29 zinali zikulola munthu wamkulu kubisa mfuti m'thupi popanda chiphaso n'komwe. Komatu ufulu umenewu umamanga boma, osati mwini holo. Kampani yokonza shoo ikanena kuti zida ayi, palibe chiphaso chimene chingakulowetseni mokakamiza. Ngakhale wapolisi amene sali pantchito, yemwe lamulo la 2004 lotchedwa LEOSA limamulola kunyamula mfuti m'zigawo zonse, lamulo lomwelo silichotsa mphamvu ya mwini malo.

Texas ndiye anailemba nkhaniyi mwatsatanetsatane. Chikwangwani choletsa munthu wachiphaso kulowa ndi mfuti yobisa chimatchedwa 30.06, potengera gawo la lamulo. Chiyenera kukhala ndi mawu enieni amene lamulo linaika, m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, zilembo zake zotalika inchi imodzi kapena kuposerapo, mitundu yooneka bwino, ndipo chiikidwe poonekera. Cha mfuti yoonetsa ndi 30.07, ndipo oyenda popanda chiphaso, amene analoledwa kuyambira pa 1 September 2021, amaletsedwa ndi 30.05. Kudutsa chikwangwani cha 30.06 ndi mlandu waung'ono, chindapusa chake sichiposa madola 200. Vuto limakula mlonda akakuuzani pakamwa kuti mutuluke inu n'kuyamba makani: pamenepo chilango chimatha kufika chaka chimodzi m'ndende ndi madola 4,000. Ndiye pali chikwangwani china chimene anthu ambiri amachidutsa osachiona, cholembedwa 51% yofiira. Chimatanthauza kuti malowo amapeza ndalama zake zambiri pogulitsa mowa womwera pomwepo. Makalabu ambiri aang'onoang'ono oimbirako ali m'gulu limeneli, ndipo kulowamo ndi mfuti ndi mlandu waukulu wa zaka 2 mpaka 10.

Ku Florida chikwangwani pachokha sichimangitsa munthu. Ichi ndicho chimapusitsa anthu kuti aziti "bola asaione". Koma akaiona, akakuuzani kuti mutuluke inu n'kukana, mlandu wake ndi wokakamira pamalo a mwini muli ndi chida, ndipo umenewo ndi wa zaka mpaka 5. Mbali ya holo imene ili bala ndi yoletsedwa ndi lamulo ngakhale pasakhale chikwangwani.

New York anatsata njira ina. Khoti litangogamula mlandu wa Bruen, chigawochi chinapanga lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 September 2022, lotchula mwachindunji maholo a zisudzo, mabwalo a masewero ndi malo oimbirako kuti ndi oletsedwa. Kumeneko mwini holo safunika kukhoma kanthu. Wogwidwa atha kuseweza zaka mpaka 4 ngakhale ali ndi chiphaso. Michigan, kwawo kwa munthu wa ku Detroit uja, amawerenga mipando: malo a zisangalalo okhala ndi mipando 2,500 kapena kuposerapo ndi oletsedwa, pamodzi ndi masitediyamu ndi mabala. Kulakwa koyamba ndi chindapusa chosaposa madola 500 ndi kuimitsidwa chiphaso miyezi 6, kachiwiri chiphaso chimalandidwa, kachitatu ndi mlandu waukulu. Malo oimika galimoto sawerengedwa nawo.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi malo a boma obwereketsa. Shoo zikuluzikulu zapanja zimachitikira m'mapaki a mzinda, ndipo m'zigawo zina boma silololedwa kuletsa mfuti pamalo ake. Nanga kampani imene yangobwereka pakiyo kwa masiku awiri ingaletse? Ku Georgia, lamulo la 2014 linatsegula malo ambiri a boma kwa anthu onyamula mfuti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la chigawocho, pa mlandu wa Atlanta Botanical Garden, linasiyanitsa wobwereka kwa zaka zambiri, yemwe amaonedwa ngati mwini malo, ndi wongodutsa. Mu August 2022 phwando la zoimbaimba la Music Midtown, lochitikira ku Piedmont Park, paki ya mzinda wa Atlanta ku Georgia komweko, linalephereka. Okonza anangoti ndi zifukwa zimene sakanatha kuchitapo kanthu, koma atolankhani a kumeneko analoza ku nkhani ya mfuti yomweyi. Ndi pomveka, chifukwa oimba ambiri otchuka amaika m'mgwirizano wawo kuti sakwera pasiteji ngati oonerera akuloledwa kulowa ndi zida. Ku Dallas zinayenda mwina. Munthu atawombera ndi kuvulaza anthu atatu pachionetsero cha State Fair of Texas mu October 2023, okonza analetsa mfuti chaka chotsatira. Loya wamkulu wa chigawocho, Ken Paxton, anakasuma ponena kuti Fair Park, kumene chionetserochi chimachitikira, ndi malo a mzinda, koma makhoti anakana kuimitsa chiletsocho ndipo chionetsero cha 2024 chinachitika mfuti zili zoletsedwa.

Kwa a kwathu amene ali ku America pa viza ya sukulu kapena yongocheza, nkhani yonseyi imathera pachiyambi. Lamulo la dziko lonse limaletsa munthu wa viza zoterezi kukhala ndi mfuti, kupatula njira zochepa monga kukhala ndi chiphaso cha ulenje, ndipo wopanda mapepala ndiye saloledwa n'komwe. Kuti Texas safuna chiphaso sizikukhudza inu. Kungomusungira mnzanu mfuti m'chikwama pamene iye wapita kukagula tikiti kungakulowetseni m'madzi, mpaka kubwezedwa kumudzi.

Ku Canada funso loti chikwangwani chili ndi mphamvu yanji silifunsidwa n'komwe. Munthu atha kukhala ndi mfuti yaing'ono mwalamulo, koma kuyenda nayo m'thupi kumafuna chilolezo chapadera chimene chimaperekedwa makamaka kwa alonda onyamula ndalama ndi anthu ogwira ntchito kutchire kumene kuli zilombo. Chopatsidwa chifukwa choti moyo wa munthu uli pachiswe chilipo m'malamulo, koma ochilandira ndi owerengeka. Gawo 90 la malamulo a milandu limaika zaka mpaka 5 pa kubisa chida, gawo 89 limaletsa kupita ndi chida pamsonkhano wa anthu, ndipo mfuti ikapezeka ili ndi zipolopolo chilango chake chimaposa pamenepo. Nawo utsi wotsabola wopopera munthu m'maso, umene ku America amaugula ngati switi, ku Canada ndi chida choletsedwa. Kuyambira pa 21 October 2022 kugula, kugulitsa ndi kupatsana mfuti zazing'ono kunaimitsidwa kwa anthu wamba.

Ngakhale nzeru yoisiya m'galimoto siigwira kumeneko. Mfuti yaing'ono imayenda yopanda zipolopolo, yokhomedwa loko pakachitsulo kowombera, ili m'bokosi lokhoma losaonekera mkati, ndipo ulendo wake ukhale wolunjika kumalo ovomerezeka monga kophunzirira kuwombera. Kupatukira ku shoo ndi kuphwanya kale chilolezo. Anthu a ku America amagwidwa kawirikawiri pa milatho yolowera ku Canada ya Ambassador Bridge ku Detroit ndi Peace Bridge ku Buffalo chifukwa choiwala mfuti m'kabati ya galimoto, kapena kuyankha kuti alibe chida poganiza kuti asecha mwachidule. Bodza limenelo ndilo limasandutsa nkhani yobwezedwa pachipata kukhala nkhani ya m'chitokosi.

Mexico papepala ndiye wolimba kuposa onse. Gawo 10 la malamulo aakulu a dzikolo limalola nzika kusunga mfuti m'nyumba, osati kuyenda nayo. Zonse zili m'manja mwa unduna wa asilikali, pansi pa lamulo la 1972. Kwa zaka zambiri sitolo yovomerezeka inali imodzi yokha, mkati mwa malo a asilikali ku Mexico City, ndipo yachiwiri inatsegulidwa ku Nuevo León. Munthu wamba amalekezera pa mfuti ya zipolopolo za saizi ya .380, kapena .38 Special ngati ili ya mtundu wozungulira. Za 9mm ndi .45, zimene anthu a ku America amakonda kuyenda nazo, ndi za asilikali okha, ndipo milandu ya zida zimenezi siilola belo wamba. Gawo 36 la lamulo la 1972 lija limaletsa anthu kupita ndi zida ku zionetsero ndi zikondwerero za anthu onse, kupatula zochepa monga masewero a okwera pamahatchi, owombera ndi a ulenje. Ngakhale chipolopolo chimodzi chotsalira pansi pa mpando chingamangitse munthu pachipata. Andrew Tahmooressi, yemwe anali msilikali wa America, analowa ku Tijuana podzera pachipata cha malire cha San Ysidro mu March 2014 ali ndi mfuti zitatu m'galimoto, nanena kuti anasochera msewu. Anatuluka m'ndende kumapeto kwa October.

Koma kulimba kwa pepala sikunateteze Playa del Carmen mu January 2017, pamene munthu wa mfuti anawombera pa kalabu ya Blue Parrot usiku womaliza wa phwando la zoimbaimba la BPM. Anthu osachepera asanu anafa, ena mwa iwo alonda a pageti. Mfuti za zigawenga ku Mexico sizidutsa m'sitolo ya asilikali. Pa zimene zinagwidwa n'kufufuzidwa kumene zinachokera pakati pa 2014 ndi 2018, pafupifupi 70 pa 100 zilizonse zinali zochokera ku America.

Onyamula mfuti ku America amati geti lokhala ndi chikwangwani chokha, popanda kusecha, limangovula zida anthu omvera lamulo. Pamenepa ali ndi mfundo. Woimba Christina Grimmie anawomberedwa mu June 2016 ku Orlando atatha kuimba, pamalo oletsa zida koma opanda makina ofufuzira zitsulo. Kumene mfundo yawo imafooka ndi pa ntchito imene mfutiyo ingagwire m'khamu. Ku Las Vegas pa 1 October 2017 wowombera anali pansanjika ya 32 ya hotela ya Mandalay Bay, kutali ndi bwalo, ndipo anthu 58 anafa usiku womwewo. Mfuti ya m'chiuno sikanafika kumeneko. Mumdima, m'phokoso, anthu atapanikizana phewa ndi phewa, chipolopolo chophonya chimapeza munthu wina, ndipo apolisi akamalowa sadziwa kuti wogwira mfutiyo ndi wachifundo kapena chigawenga. Ngozi zambiri sizifuna n'komwe chigawenga. Mu June 2018 ku Denver, wapolisi wa FBI amene sanali pantchito anatembenuka chagada akuvina m'bala, mfuti inagwa, ndipo poitola inalira n'kuvulaza munthu mwendo. Thumba la mfuti losagwira bwino, lamba wolefuka, thukuta, kukankhana kutsogolo kwa siteji ndi kuvula lamba kuchimbudzi, ndiye njira zimene mfuti imagwera pansi. Powonjezera apo pali mowa, umene m'zigawo zambiri ndi mlandu paokha ukaphatikizana ndi mfuti.

Ife tikaziyeza, njira ya Canada ndi yosavuta kwa mlonda ndi woonerera yemwe, chifukwa palibe chokambirana pageti. Ya Texas ndi yachilungamo kwa wonyamula mfuti, popeza amauzidwa momveka, koma imafuna kuti munthu adziwe zikwangwani zinayi. Yoipitsitsa ndi ya chiletso chopanda kusecha, kulikonse kumene ili.

Kwa amene ali ndi mfuti mwalamulo ku America ndipo wagula tikiti, dongosolo lake ndi lalifupi. Werengani malamulo a holoyo musananyamuke, ndipo muone ngati malo oimika galimoto akuwerengedwa nawo, chifukwa pa malo a boma la dziko lonse ndi a sukulu nthawi zina amawerengedwa. Maholo ambiri sasungira munthu mfuti, ndipo mukabwezedwa pamakina tikiti imatha kupsa. Kuisiya kunyumba m'seifi ndiye kwabwino. Ngati sizitheka, iikeni m'kabokosi kachitsulo kokhoma, komangirira ndi chingwe chachitsulo ku mwendo wa mpando, ndipo muchite zimenezi musanafike pamalopo. Akuba amadziwa kuti galimoto za pa shoo zikhala zokha maola atatu kapena anayi, amayang'ana munthu amene akuwerama kubisa kanthu, ndipo amayamba ndi galimoto zomatidwa zizindikiro za makampani a mfuti. Kabati ya kutsogolo imatseguka ndi sikuludiraiva. Lembani nambala ya mfutiyo ndi kuisunga padera, chifukwa ikabedwa apolisi ayamba kufunsa imeneyo. Ngati ulendo ndi wowoloka malire, secherani galimoto yonse nokha tsiku loyamba: pansi pa mipando, m'buti, m'matumba a zitseko ndi m'chikwama chimene munapita nacho kowombera.