Namwino akachoka, tiyambe tafunsa za m'wodi

Namwino akasiya ntchito, akuluakulu a chipatala amathamangira kunena kuti watsata ndalama. Ndalama n'zofunika, sindikukana. Koma ine ndimaona kuti ambiri mtima umakhala utachoka kalekale asanalembe n'komwe kalata, ndipo chowachotsa chimakhala m'wodi momwemo.

Mu 2002, katswiri wa za unamwino Linda Aiken ndi anzake adafufuza zipatala 168 za ku Pennsylvania, ku America. Adapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi yekha pa amene akuwasamalira kale, mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 umakwera ndi 7 peresenti, ndipo mpata woti namwinoyo atheretu mphamvu n'kutaya mtima umakwera ndi 23 peresenti. Tangoganizani munthu wodziwa ntchito yake. Akuona kuti uyu afunika kumutembenuza, uyo diripi yatha, winayo nthawi ya mankhwala yapitirira, koma manja ali nawo awiri basi. Amaweruka akudziimba mlandu pa zinthu zimene sadalakwe. Thupi likatopa tulo timachiza, koma kutopa kumeneku ngakhale tchuthi sikuchiza.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi mawu aja akuti unamwino ndi maitanidwe. N'zoona, ambiri amapirira chifukwa chokonda odwala, makamakanso chifukwa cha anzawo. Munthu amadzuka akudwala n'kupita ku shifiti ya usiku poopa kusiya mnzake yekha. Oyang'anira ena amadziwa zimenezi, ndiye amapezerapo mwayi: rosita kusintha mwadzidzidzi, tchuthi kuimitsa, munthu ali pa ofu kumuimbira foni. Amatunga ngati pachitsime chosaphwa. Koma zindikirani kuti chimene chamumanga namwinoyo ndi anthu, osati nyumba ya chipatalayo. Mnzake amene ankadalirana naye akangochoka, naye amayamba kufunsa za kwina.

Mu 1983, bungwe la American Academy of Nursing lidatulutsa zimene lidapeza pa zipatala 41 zimene zinkasunga anamwino pamene zina zinkalira kuti akusowa. Kumeneko namwino ankamvedwa akalankhula za wodwala, madokotala ankamulemekeza, oyang'anira ankaoneka m'wodi, ndipo mwayi wopitiriza maphunziro unalipo. Zambiri mwa izi sizilira ndalama zochuluka. Sisitala wamkulu wokonza rosita mwachilungamo, amene amaima nawe wachibale wa wodwala akakutukwana, amasunga anthu kuposa misonkhano khumi ya "kulimbikitsa ogwira ntchito".

Mu 2020, bungwe loona za umoyo la WHO lidati mu 2018 padziko lonse pankaperewera anamwino 5.9 miliyoni, ndipo yankho limene timamva kawirikawiri n'loti tiphunzitse ena. Chabwino. Nanga wongochoka kumene kusukuluyo adzamuphunzitsa ndani ntchito ngati odziwa aja onse apita? Adzamusiyira wodi yekha usiku sanazolowere n'komwe, ndipo chaka chisanathe naye adzayamba kuyang'ana kolowera.