Kudwazika matenda aakulu: kwathu kuno, ku Zambia ndi ku Tanzania

Tikamacheza ndi anzathu a ku Chipata kapena ku Mbeya za chipatala, ife Amalawi timathamangira kudzitama kuti kwathu n'kwaulere. N'zoona ndithu. Ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba ngakhale ku Mzuzu, palibe amakuitanitsa ndalama pakhomo, pokhapokha utasankha wekha wodi yolipira.

Koma kafunseni banja limene linadwazikapo khansa kapena impso. Adokotala alemba mankhwala, pawindo akuti atha, kaguleni ku famase ya m'tauni. Makina ounikira awonongeka, pitani ku pulayiveti. Wodwazika, amene nthawi zambiri ndi mayi kapena mlongo wa wodwalayo, amasiya munda dzinja lonse n'kumakagona kumalo a magadiyani, kuphika ndi makala ogula. Wodwala impso woyeretsedwa magazi ndi makina amafunika kubwera kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo ya minibasi salipira ndi boma. Imayamba kupita ndi mbuzi, kenako njinga, kenako chimanga cha m'nkhokwe, pomaliza munthu amakagwada kwa wa katapila. Kumadera ambiri akumudzi chipatala chapafupi ndi cha mishoni, cha CHAM, ndipo kumeneko amalipiritsa, ngakhale kuti boma limapangana ndi zina mwa izo kuti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe osalipira. A MASM ndi inshuwalansi zina alipo, koma ndi angati ali nazo?

Zambia inayenda njira ina. Inayamba yalipiritsa m'zaka za m'ma 1990, n'kuchotsa malipirowo kumidzi mu 2006. Mu 2018 inapanga lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, ndipo bungwe loiyendetsa la NHIMA linayamba ntchito mu 2019: wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, womulemba ntchito n'kuwonjezerapo 1 peresenti inanso. Ndalama yake ndi yochepa, koma nzeru yake ndimaikonda, yoti usonkhe ukadali bwinobwino m'malo mogulitsa ziweto tsiku limene wagwa. Komanso Lusaka ili ndi Cancer Diseases Hospital, imene inayamba kale kuthandiza odwala khansa ndi makina owotcha chotupa, pamene ife tinkadikira mayina athu pamndandanda wokalandira chithandizo ku India. Osati kuti kumeneko zonse zili myaa. Zipatala ndi mafamase akhala akudandaula kuti NHIMA imachedwa kuwalipira, ndipo mlimi wa ku Lundazi alibe malipiro a pamwezi oti n'kudulapo.

A ku Tanzania sabisa mawu, amati wodwala asonkheko. Inshuwalansi yawo ya zaumoyo ya NHIF inayamba ndi ogwira ntchito m'boma mu 2001, ndipo imatenga 6 peresenti, theka kwa wantchito, theka kwa womulemba. Mu 2023 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anasaina lamulo loti aliyense akhale pa inshuwalansi. Wopanda khadi amalowa m'chipatala akudziwiratu kuti thumba lipepuka.

Ndiye kuli bwino n'kuti? Kwa mayi wa kumudzi amene mwana wake wakomoka ndi malungo pakati pa usiku, ndingasankhe kwathu kuno mosazengereza, chifukwa sabwerera pageti posowa ndalama. N'chifukwa chake abale athu a ku Mozambique okhala m'malire amawolokera kuno akadwala. Koma matenda a miyezi ndi zaka ndi nkhani ina. Pamenepo anzathu aja ali ndi thumba limene anthu ambiri aponyamo, pamene ife thumba lathu ndi gulu la WhatsApp la pachibale, limene limatopa mwezi wachitatu usanathe. Mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo boma lathu zaka zambiri limalephera kufikapo. Zoperewerazo amakwaniritsa ndi wodwazika uja, pogulitsa malata a nyumba yake.