Munagula nyumba, simunagule msewu

Ndikulemba izi maso ali psuu, tulo sindinatione, ndipo amene zimukhudze zimukhudze basi.

Lero m'mawa ndaweruka shifiti ya usiku, maola 12 ndili chiimire kusamala agogo a eni ake. Ndafika mumsewu wathu kuno ku Beeston, mumzinda wa Leeds ku England, cha m'ma 8 koloko, kamvula kakuwaza, miyendo yatupa. Pakhomo panga paima veni ya munthu amene sindikumudziwa, ndipo sindinadandaule, ndi mmene timakhalira kuno. Ndazungulira kawiri. Malo oimika galimoto atsala amodzi okha mumsewu wonse, nyumba yachitatu kuchokera panga, koma pamalopo aikapo mabini awiri, pamwamba agonekapo thabwa, ngati rodibuloko ya pa Zalewa. Ndatsika, mabini aja ndawakankhira m'mbali mwaulemu, thabwa ndalitsamiritsa kukhoma, ndaimika kagalimoto kanga, ndalowa m'nyumba.

Nsapato ndinali nditavula imodzi yokha pomwe chitseko chimalira go go go. Kutsegula, ndi bambo a nyumba yachitatu ija, nkhope atamanga. Akuti pamene ndaimika paja ndi pawo, mayi akunyumba kwawo apita kokagula zinthu, abwera masana, ndiye ndichotsepo. Masana! Malo akhale mbee kuyambira 8 koloko mpaka masana, akulonderedwa ndi mabini, ine wochokera kuntchito ndikaimike misewu iwiri kutsidya n'kubwerera wapansi pamvula?

Ndawayankha mawu amodzi okha ndipo ndiwabwereza pano kuti ena amve nawo. Bambo, munagula nyumba. Msewu simunagule.

Ineyo nyumba ndinagulanso, ndiye musandiuze kuti sindidziwa kuwawa kwake. Ine ndi bambo akunyumba tinasunga dipoziti zaka zinayi, kudya nyemba, kukana maukwati, kukana ulendo wopita kumudzi, mashifiti owonjezera mpaka msana kuuma. Tinasaina ngongole ya zaka 25 mu 2023, chaka chomwe Bank of England inakweza chiwongola dzanja kufika pa 5.25 peresenti, moti mwezi uliwonse banki ikatapa zake mtima umachita ngati uima. Pa tsiku losaina loya anatiyalira mapu ochokera ku Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa eni malo ndi nyumba, ndipo aliyense amene anagulapo nyumba ku England kuno amawadziwa mapu amenewa. Pali mzere wofiira wozungulira chimene chili chako. Wathu unazungulira nyumba, unazungulira kabwalo kakuseri komwe sikakwana ngakhale mzere umodzi wa mpiru, n'kudzathera pa sitepe ya pakhomo. Pomwepo basi. Phula silinalowemo. Ndinayang'anitsitsa ndithu, chifukwa munthu ukamalipira ndalama zoterozo umafuna uone ngakhale njerwa yomaliza. Bambo aja akatsegule kabati yawo aone mapu awo, mzere wawo wofiira ukathera pomwe wanga unathera.

Msewu ndi wa aliyense. Wa ine, wa iwo, wa mwini veni uja, wa namwino wobwera kudzaona wodwala, wa munthu wochokera ku Bradford amene wangodzacheza kwa mlamu wake. Ndipo lamulo lilipo, si zongopeka ine chifukwa cha mkwiyo: Highways Act ya 1980, ndime 137, imati kutchinga msewu mwadala ndi mlandu. Wolakwa si amene wasuntha bini. Wolakwa ndi amene waika bini. Munthu wolumala amapita ku khonsolo n'kukapempha kuti amujambulire malo pafupi ndi khomo lake, ameneyo ndimamulemekeza ndipo pamalo pake sindingayerekeze. Koma munthu wamiyendo yake iwiri, wamphamvu zonyamula thabwa m'mawa uliwonse, kumadzigawira msewu ngati nyakwawa yogawa minda? Ayi ndithu. Ufumu umenewo anakulongani ndani?

Inde ndikudziwa, nyumba zimenezi anazimanga kalekale m'zaka za m'ma 1800 kumangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale, oyenda wapansi, ndipo yanga m'lifupi ndi mamita 4 ndi theka, pomwe lero khomo limodzi lili ndi galimoto ziwiri. Sizingakwane. Nanga poti sizikwana ndiye wina atenge zonse?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti bambo amenewa anali mmodzi mwa anthu amene ndimati ndi anansi abwino. Katundu wawo wa pa intaneti akabwera iwo kulibe, amasiyidwa kwa ine, ndimasunga. Tsiku lina mphepo itagwetsa bini yawo zinyalala n'kumwazika msewu wonse, ndinatola ndi manja angawa, iwo ali kuntchito. Lero ndasanduka wakuba malo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mumsewu ngati uno mwambiwu si wongokometsera nkhani. Nyumba zonse kuyambira pakona mpaka pakona ndi chinyumba chimodzi chachitali chongodulidwa ndi makoma. Wa kumanja kwanga akatsokomola ndimamva. Wa kumanzere akatsegula wailesi ya kanema ndimadziwa kuti Leeds United yagoletsa ndisanaone pafoni. Ine ndikakazinga usipa msewu wonse umadziwa kuti kwa Amalawi aja lero kuli nsima. Moto utabuka kwa mmodzi, wachitatu sangagone n'kumati si zanga. Ndiye tigawane khoma, tigawane denga, tigawane fungo la ndiwo, koma phula lokha likhale la munthu mmodzi?

Ine ndinakulira m'nyumba za mdadada ku Ndirande. Makomo asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, bafa imodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Mikangano inalipo, sindinganame, amayi ankatukwanizana chifukwa cha tsache ndi madzi otayira pakhomo pa mnzako. Koma sindinaonepo mayi ataika ndowa yopanda kanthu pampopi m'bandakucha n'kunena kuti wina asatunge mpaka iye abwere kumsika masana, chifukwa choti mpopi uli pafupi ndi khomo lake. Akanamuseka mdadada wonse, ndowa yake akanakaipeza kudzala. Wafika watunga, wachedwa wadikira. Ndawoloka nyanja, ndasaina mapepala a loya, ndalowa mumdadada wina wa njerwa zofiira wokhala ndi masitepe, n'kudzapeza munthu wamkulu ndi imvi zake akuchita zimene mwana wa ku Ndirande amadziwa kuti n'zamanyazi.

Ndipo ndisaloze azungu okha, chifukwa nafenso akumudzi tayamba kutengera. Ndinapita kukacheza kwa mnzanga wina mumzinda wina, n'kupeza wagula makoni awiri aja a anthu okonza misewu, amawasunga kuseri kwa chitseko ngati ambulera. Akamatuluka amaika, akabwera amachotsa. Nditamufunsa akuti, "Iii asisi, aliyense amatero kuno." Aliyense ndani? Unabwera ndi sutikesi imodzi, unkagona pasofa pa anthu, lero wagula nyumba ndiye msewu wasanduka wa agogo ako? Kugula nyumba kusatizunguze mutu abale anga. Kiyi amene anakupatsa uja amatsegula chitseko chimodzi. Satsegula msewu.

Tsiku la mpira ku Elland Road, bwalo la Leeds United, bwanji sitiona mabini amenewa akugwira ntchito? Anthu amadzaza misewu yonse yoyandikira, magalimoto bampa kubampa, ndipo palibe amene amatuluka kukagogoda pagalasi la anyamata anayi ovala masikafu kuti chotsanipo apa ndi panga. Onse amakhala duu m'nyumba. Mphamvu zimabwera akaona mzimayi mmodzi wotopa, wovala yunifolomu, amene akudziwa kuti sabweza mwano. Galu amauwa amene wamuona kuti alibe ndodo. Lero ndiye ndakana. Galimoto sindinachotse ndipo sindichotsa mpaka 7 koloko madzulo pomwe ndizibwerera kuntchito. Mayi akabwera kogula zinthu kuja azungulire ngati mmene timazungulirira tonse, akapeze malo kutsogolo uko, anyamule majumbo awo ayende. Miyendo si ya ine ndekha.

Wina anena kuti ukanangochotsa, mtendere ndi wofunika, ndiwe mlendo m'dziko la eni. Mlendo wake uti? Msonkho wa khonsolo ndimalipira mwezi ndi mwezi, msonkho wa galimoto ndimalipira, inshuwalansi ndimalipira, banki imandidula chimodzimodzi ngati iwowo. Ndikachotsa lero, mawa thabwa lidzatalika, lidzafika pakhomo panga. Mtendere wogula ndi mantha ine ayi. Moni ndipitiriza kupereka, katundu wawo akabwera ndisunga monga kale, koma malo a mumsewu alibe mwini, wafika waimika.

Ndipo poti tayamba za mabini, tiyeni timalize. Galimoto ya zinyalala ikadutsa, bini imabwerera kuseri kwa nyumba, si kuisiya panjira ya oyenda pansi sabata yonse mpaka mayi wokankha mwana pa pulamu azitsikira mumsewu kulimbana ndi magalimoto. Yobiriwira ndi ya mapepala, zitini ndi mapulasitiki, yakuda ndi ya zinyalala zina zonse, mwana wa sitandade 1 angathe kusiyanitsa, koma wina amaponya matewera mu yobiriwira, anthu a zinyalala n'kuisiya osaikhuthula, ife tizinunkhidwa. Nanga kanjira kakuseri kaja? Pali matiresi amene wina anataya usiku, lero akwanitsa sabata zitatu, anyowa, achita nkhungu, makoswe apezapo nyumba yaulere popanda dipoziti. Pamenepo palibe amene amati ndi panga. Kutsogolo aliyense ndi mwini malo, kuseri aliyense ndi mlendo.

Ndasuzumira pawindo pompano, mabini aja awabwezera mumsewu, awagundika kubampa yanga yakumbuyo.