Ng’ombe ikasanduka ngâ€™ombe

Mnzanga wina wolemba mapulogalamu wandiuza dzulo kuti za encoding, njira imene kompyuta imasungira zilembo ngati manambala, n'zachikale, masiku ano chilichonse ndi encoding ya UTF-8, munthu asamatayirepo nthawi. Ndangoseka. Sabata yomwe ino ndatsegula fayilo ya CSV (tebulo losungidwa ngati mawu wamba) mu Excel, ndipo paliponse pamene panayenera kukhala ng’ombe panali ngâ€™ombe. Dziko lathu lenilenili, Malaŵi, linali MalaÅµi.

Kompyuta sidziwa chilembo, imadziwa manambala basi. ASCII, ndandanda wa manambala a zilembo wa mu 1963, inali ndi malo 128 okha, ongokwanira Chingelezi, ndipo ŵ wathu uja analibemo mpando. Unicode, ndandanda wa zilembo za zinenero za dziko lonse lapansi, inamupatsa nambala U+0175. UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, imamusunga m'mabayiti awiri, C5 ndi B5 (bayiti ndi kagawo kakang'ono kamene kompyuta imasungamo nambala). Ndiye pulogalamu ina ikatenga mabayiti omwewo n'kuwawerenga ngati Windows-1252, encoding yakale ya Windows, imaona zilembo ziwiri, Å ndi µ. Fayiloyo ili bwinobwino, woiwerengayo ndiye wavala magalasi a eni ake. Koma iweyo ukapanda kudziwa zimenezi n'kudina Save, zinyalalazo wazikhazika mpaka kalekale.

Sindikunena kuti wolemba mapulogalamu aloweze matebulo a Unicode, ayi. Ine ndemwe sindiwasunga m'mutu. Chimene ndikufuna n'choti adziwe kuti bayiti ndi chilembo n'zinthu ziwiri, ndipo mawu akamalowa kapena kutuluka pakhomo lililonse, kaya ndi fayilo, database kapena SMS, azifunsa kuti asungidwa motani. Zimenezi n'zophunzira tsiku limodzi lomwelo. Enanu munaona kale database ya MySQL ikukana emoji, zimene zimafuna mabayiti anayi, chifukwa "utf8" yake imathera pa mabayiti atatu, mpaka mutasinthira ku utf8mb4.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'oma ndi m'mudzi. Mzungu amakagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ife ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kalipo kowongoka ka pa kiyibodi, kalinso kopindika kamene Word imaika yokha osakufunsa. M'maso n'kamodzi, kwa kompyuta n'tiwiri. Munthu afufuze ng'oma pamene mu database munalowa ng’oma, yankho lidzabwera loti palibe.

Pa SMS ndiye pamalowa ndalama. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili mu GSM-7, ndandanda wa zilembo wamba za SMS. Mukangolowa ŵ mmodzi kapena kopindika kaja, uthenga wonse umapita ku encoding ina yotchedwa UCS-2, malo n'kutsika kufika pa 70, ndipo ukagawidwa chidutswa chilichonse chimanyamula 67. Uthenga wa zilembo 150 umene mumauwerengera ngati umodzi ulipiridwa ngati atatu. Tsopano taganizani bungwe likutumiza uthenga wa mitengo ya feteleza kwa alimi a boma lonse, wolemba wake anaukopera ku Word.

Mnzanga uja ndamutumizira fayiloyo kuti aikonze yekha, poti ndi zachikale. Mpaka pano sanayankhe.