Chilolezo ali nacho, koma ntchito amawakaniza

Mwalemba kuti mlendo amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale amapeza ntchito mofanana ndi nzika, kupatula ntchito zina za boma. Pa pepala mwina zili choncho, koma bwerani kuno kuchigwa cha Shire mudzaone nokha.

Amalume anga anawoloka malire pa Marka mu 1986 ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Mtendere utabwera mu 1992 anzawo anabwerera kwawo, iwo anatsala, anakwatira ku Bangula, ana onse anabadwira konkuno. Chilolezo cha ku Immigration anachivutikira zaka zambiri mpaka anachipeza. Chaka chatha anakafunsira ntchito ya ulonda pa kampani ina, kalaliki anangoti, "Bambo, tikufuna chiphaso cha unzika," osafuna n'komwe kuyang'ana pepala lawolo. Anabwerera kunyumba mtima utasweka.

Chiyambire kalembera wa 2017, chiphaso chimenechi ndicho chimatsegula khomo lililonse, ndipo olemba ntchito ambiri sadziwa kuti pali pepala lina lovomerezeka. Usilikali ndi upolisi zikhale za nzika, apo sindikutsutsa. Koma kudula nzimbe, kulondera, kuyendetsa thirakitala? Asena a ku Nsanje ndi a ku Mutarara ndife amodzi, maliro timalira limodzi, ndipo Shire akasefukira amakokolola tonse osafunsa chiphaso.

A ofesi ya zantchito ayendere makampaniwa, awafotokozere. Amalumewo pano akungodalira ganyu m'minda ya anthu.