Kaundula yekha sangapulumutse makompyuta kuno ku chigwa

Mwalemba kuti bungwe lililonse lizisunga kaundula wa makompyuta, matabuleti ndi mafoni ake. Zoonadi, ife pa ofesi yathu ku Ngabu tinayamba kutero mnzathu wina atasiya ntchito n'kupita ndi tabuleti, pasiwedi yake osatiuza. Koma akuluakulu, nyengo mwaiiwala.

Kuno chimene chimatha zipangizo ndi kutentha, akuba amabwera pambuyo. Mu Okutobala batire ya laputopu imatupa mpaka kiyibodi kutukuka ngati mandasi ali m'mafuta, fumbi nalo latseka fani, makina n'kumangozima okha masana. Ndiye magetsi. Namondwe Ana atawononga siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, kuthimathima kunatiwotchera rauta ndi machaja angapo, poti mabwana anali atakana kugula UPS, chipangizo cha batire choteteza makina magetsi akamathimathima, ati ndi yodula. Anadzaigula atagula kale rauta ina.

Pofika namondwe Freddy mu 2023 tinali titachenjera. Makompyuta tinawakweza pamwamba pa makabati, mafayilo tinawakopera pa hard drive n'kukaisunga ku Blantyre. Mudzalembenso za momwe tingatayire mabatire otupawa, chifukwa athu angodzaza katoni mu sitolo.